Labala wa pakhosi pa dry suit wang'ambika: ndimate kapena ndisinthe?

Chisomo_Oban

Moni nonse. Ndikudziwa kuti muno muli anthu amene ntchito yawo ndi ya m'madzi, ndiye ndithandizeni nzeru. Ndili ndi dry suit, suti yotsekereza madzi kuti thupi lisanyowe, imene ndinagula kwa mnzanga wa ku kalabu ya makayaki (timabwato topalasa) kuno ku Oban, ku Scotland, iyeyo atagula yatsopano. Ndi ya nsalu, ili ndi labala wa latex pakhosi ndi m'mikono, kumapazi ili ndi masokosi a nsalu. Loweruka ndikuvala, mutu usanatuluke n'komwe, labala wa pakhosi anangoti kwee, kung'ambika kuchokera m'mphepete mpaka pafupi ndi nsalu. Wa kumkono wamanja sanang'ambike koma wayamba kumatamata, ndikamugwira akusiya zakuda m'zala. Kushopu andiuza mtengo wondiumitsa pakamwa, komanso ati ndidikire masabata angapo poti ntchito yawachulukira. Kodi pong'ambikapo pangamatike? Kapena ndigule malabala atsopano ndiike ndekha? Sindinapangepo.

Kondwani_NkhataBay

Amwene, mavuto oputa dala awa. Bwererani kuno, ngakhale mwera ukunthe bwanji madzi athu satsika madigiri 20, alendo timawalowetsa atavala ka wetsuit ka mikono yaifupi basi. Koma poti labala ndi labala, bwanji osachita mmene timamatira chubu cha njinga? Kupala pang'ono, sulushoni, chigamba, kupanikiza, nkhani yatha.

aPhiri_CapeTown

Kondwani, chubu chimakhala phee m'kati mwa tayala, palibe amachikoka. Labala wa pakhosi bowo lake ndi laling'ono kuposa khosi, ndiye nthawi iliyonse povala amayenera kutamuka mpaka mutu wonse udutse, makutu ndi mphuno zomwe. Mphamvu yonse ya kukokako imathera m'mphepete, pamene pang'ambikapo. Chigamba sichitamuka mofanana ndi labala wozungulira, ndiye amang'ambikanso pambali pa chigambacho. Kabowo kakang'ono kam'munsi, pafupi ndi nsalu pomwe sipakokeka kwambiri, kameneko mungakamate kuti mumalize ulendo. Koma zoyambira m'mphepete, ayi.

Chisomo mphwanga, chomwe chandidetsa nkhawa si khosilo, ndi mkonowo. Latex akayamba kumata ndi kusiya zakuda ndiye kuti wavunda, ndipo palibe mankhwala omubwezera mwakale. Tengani wa kumanzereyo mupite naye pazenera, mumukoke pang'ono mukumuyang'ana pa kuwala. Mukaona timing'alu tating'onoting'ono tikutseguka, nayenso ali m'njira. Malabala atatuwo ndi a msinkhu umodzi ndipo akhala malo amodzi. Sinthani onse.

Chisomo_Oban

Malume, ndakoka wa kumanzere uja. Timing'alu tilipo tambirimbiri.

Alinafe_Windermere

Ndiye palibenso kufunsa, onse atatu achoke. Achimwene musaope, ife kuntchito kwathu kobwereketsa makayaki ntchito imeneyi ndi imene timagwira nyengo yozizira alendo akachepa. Ndinaphunzira pongoonerera. Yambani ndi mikono, khosi likhale lomaliza manja atazolowera.

Musanagule, yezani ndi tepi khosi lanu komanso mkono pamene mumavala wotchi, chifukwa malabala amagulitsidwa m'masaizi. Yezaninso kukamwa kwa mkono wa suti kuti tsinde la labala watsopano lifanane nako. Guluu gulani Aquasure, ndi yemweyo amene ku America amalemba Aquaseal. Mufunikanso sandipepa wapakati, isopropyl alcohol, masking tape, sizasi yakuthwa, ndi botolo kapena chitini cholowa mu mkono wa suti mothina bwino. Chothina ndithu, osati chogwedera. Chikachepa chikulungeni ndi katoni mpaka chikwane, kenako muchikute ndi pulasitiki kuti guluu asachigwire.

Suti zambiri za kayaki zili ndi kansalu kophimba labala kunja, kameneko kapindireni m'mbuyo kaye kasakusokonezeni. Labala wakaleyo musamuzule. Mudulireni mozungulira, musiyeko masentimita awiri kapena awiri ndi theka atamatirira kunsalu. Chitsa chimenecho ndi pomwe watsopano agwire, chifukwa latex amagwirana bwino ndi latex mnzake. Lowetsani botolo lija mpaka chitsacho chitambasuke popanda makwinya. Chipaleni ndi sandipepa mpaka kunyezimira kuthe, mupalenso tsinde la labala watsopano mbali imene ikagone pachitsapo. Pukutani zonse ndi alcohol kawiri, chifukwa labala watsopano amabwera ndi paudala ndi timafuta ta kufakitale timene timakaniza guluu. Mukapukuta musagwirenso ndi zala pamenepo.

Vekani labala watsopanoyo pabotolo, mumuike pamalo pake enieni, kenako mupindire tsinde lake m'mwamba kuti chitsa chionekere. Pakani guluu pachitsa, wochepa, wofanana ponseponse. Bwezani tsinde lija pang'onopang'ono mukuzungulira, mukutulutsa mpweya ndi chala. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalephera: Aquasure ndi woterera, sagwira nthawi yomweyo, ndiye mukasiya osamanga mupeza labala watsetsereka. Kulungani tepi mozungulira kangapo mothina. Pakapita mphindi khumi kapena makumi awiri bwererani mukaone ngati sanasunthe. Kenako musiyeni. Pachubu amalemba maola 8 mpaka 12, ine ndimasiya tsiku lathunthu, makamaka m'nyumba zozizira zathu zino.

aPhiri_CapeTown

Achemwali mwafotokoza bwino, koma pa chitsapo ndikutsutsani. Mnyamatayu wanena kuti labala akumata. Ngati kuvundako kwafika mpaka patsinde, mukhala mukumata chatsopano pa chowola, ndipo tsiku lina zidzachokera limodzi ali pakati pa nyanja. Ife kuno pa suti za odumphira pansi pa madzi timachotsa zonse. Timatenthetsa ndi chowumitsira tsitsi kuti guluu wakale afewe, n'kusenda pang'onopang'ono, n'kupala mpaka nsalu iyere. Guluu wathu ndi wosakaniza ziwiri, wonga Bostik 2402 amene amabwera ndi kabotolo kake kolimbitsira. Timapaka mbali zonse ziwiri, katatu, kopyapyala, ulendo uliwonse kudikira aume mpaka ukagunda ndi kumbuyo kwa chala asakakamire. Kenako kugundanitsa. Zikakhudzana zakhudzana, palibe kusunthanso, n'chifukwa chake dzanja liyenera kukhala lokhazikika. Tikatero timapsinja ndi kagudumu, n'kumata tepi ya labala pamwamba pa mzere wolumikizirawo.

Alinafe_Windermere

Malume, njira yanuyo ndi yoona pa suti zanu za trilaminate ndi neoprene, nsalu zake n'zokhuthala. Ya Chisomo ndi nsalu yopuma (yotulutsa thukuta koma yosalowetsa madzi), yopyapyala, ndipo m'kati misoko yake inamatidwa ndi tepi ya moto. Mukabwera ndi chowumitsira tsitsi, tepi ija imayamba kutukuka, ndipo posenda labala mukhoza kusendera limodzi kachikopa koletsa madzi. Ndinaonapo suti itabwera kwa ife chonchi, mwiniwake atazula labala ndi mphamvu, pakhosi ponse patatsala ulusi wokhawokha. Sitinaikonze. Komanso guluu wogwira nthawi yomweyo si wa munthu amene akuyamba kumene. Aquasure amakupatsa mpata wokonza pamene papindika.

Koma mfundo yanu ya kuvunda ndaimva. Chisomo, mukadula muyese chitsacho. Nthawi zambiri tsinde limakhala lidakali bwino chifukwa limabisala pansi pa kansalu kaja, dzuwa ndi thukuta sizilifika. Mukachipala ndi sandipepa n'kumatuluka fumbi louma, pitirizani. Chikamagudubuzika timibulu tomata n'kutseka sandipepa, imani pomwepo. Pamenepo ndiye pofunika kuchotsa zonse, ndipo ntchito imeneyo ilipireni kushopu.

aPhiri_CapeTown

Apo ndiye tagwirizana. Sandipepa aweruze.

Nabanda_Leicester

Ndalowa mochedwa, ndinali usiku kuntchito. Za guluu ndasiyira akatswiriwa, ine ndilankhuleko za thupi poti ndiyo ntchito yanga, komanso ndimadumphira pansi pa madzi ku Stoney Cove pafupi ndi kwathu kuno.

Guluu onse awiri atchulidwawa fungo lake si labwino m'mapapo. Tsegulani mazenera, musamatire m'chipinda chogona, moto ukhale kutali, valani magolovesi a nitrile.

Chachikulu ndi ichi. Labala watsopano wa pakhosi amabwera wothina kwambiri, ndipo anthu ena amangopirira poganiza kuti kuthina ndiye kusalowa madzi. M'mbali mwa khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi kumutu, ndipo pamenepo pali kamalo kamene kamayeza kuthamanga kwa magazi. Kakapanikizika thupi limaganiza kuti magazi akwera, ndiye limachepetsa kugunda kwa mtima. Munthu amayamba chizungulire, mutu kuwawa, ena kukomoka kumene. Pamtunda ukakomoka anzako amakudzutsa, m'kayaki umagwera m'madzi. Ndiye mukamaliza kuika, valani muli pampando kunyumba kwa mphindi zingapo pali munthu wina. Nkhope ikamalemera, mitsempha ya pamphumi ikamatupa, kumeza malovu kukamavuta, sanakwane ameneyo.

Wina akhoza kukhala ndi thupi losagwirizana ndi latex. Mukaona khosi likuyabwa ndi kutuluka zidzolo mukavula, musangoti ndi mchere wa m'nyanja, kaonaneni ndi dokotala.

Kondwani_NkhataBay

Mayi, mundikhululukire umbuli. Zovuta zonsezi chifukwa cha timadzi tolowa pakhosi? Ife wetsuit imalowa madzi ndipo palibe amadandaula.

Nabanda_Leicester

Funso labwino mwanawe. Wetsuit imafunditsa yokha chifukwa neoprene ali ndi timpweya m'kati. Dry suit ya nsalu siifunditsa ngakhale pang'ono, ntchito yake ndi kutsekereza madzi basi. Chofunditsa ndi zovala za m'kati, za fleece kapena ubweya, ndi mpweya umene zasunga. Zikanyowa mwatsala opanda kanthu, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Kumene kuli Chisomoko m'Malichi nyanja imatsika kufika madigiri 7 kapena 8. A RNLI, opulumutsa anthu panyanja kuno, amachenjeza kuti madzi osafika madigiri 15 amadzidzimutsa thupi: umakoka mpweya mosafuna, kupuma kumathamanga, ndipo ngati mutu uli m'madzi nthawi imeneyo wamwa. Madzi a m'nyanja zozungulira Britain ndi Ireland pa avareji ndi madigiri 12. Onjezani kuti suti ikadzaza madzi m'miyendo, kukweranso m'kayaki kumakhala kovuta zedi chifukwa ukukweza ndi madzi omwe.

aPhiri_CapeTown

Ngakhale kuno kumene anthu amati ndi ku Africa kotentha, Kondwani. Mbali ya Atlantic, cha ku Hout Bay ndi Oudekraal, madzi amakhala cha m'ma 10 mpaka 13. Chodabwitsa n'chakuti amazizira kwambiri m'chilimwe, chifukwa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikamawomba imakankha madzi apamwamba kupita kutali, ozizira apansi n'kukwera. Dzuwa likuswa mtengo, iwe mano akugundana. Ku False Bay ndiko kumakhalako bwino. Ine ndinaphunzirira ntchito ku Cape Maclear, ndipo dry suit ndinaiona koyamba nditafika kuno.

Chisomo_Oban

Zikomo nonse, ndaitanitsa malabala ndi guluu. Achemwali Alinafe, khosi ndiye mumapanga bwanji? Botolo silingakwane pamenepo.

Alinafe_Windermere

Khosi limamatidwa chogona, osati choimirira. Tsinde la labala wa pakhosi ndi lotambalala, ndiye pamafunika chinthu chafulati chozungulira cholowa m'kati mwa suti. Ife tinadula thabwa la plywood mozungulira, lokulirapo pang'ono kuposa tsinde la labala, ndi linanso lokhala ndi bowo pakati loti ligone pamwamba. A Kokatat, kampani yopanga masutiwa, amagulitsa zoterezi zopangidwa kale, koma thabwa kapena katoni yolimba yophatikiza zimagwira ntchito. Kutani zonse ndi pulasitiki.

Lowetsani thabwa loyambalo kudzera pazipi, mutambasule nsalu ya pakhosi mpaka chitsa chigone fulati. Ngati chikukana, chigwireni ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri pansi pake. Tengani choko mulembe zizindikiro zinayi pachitsa, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mapewa, mulembenso zinayi pa labala watsopano kuti zikumane. Ena mwa malabalawa sakhala ozungulira ndendende, bowo limapendekera kutsogolo, ndiye onetsetsani kuti simunatembenuze. Kupala ndi kupukuta ndi chimodzimodzi. Pakani guluu, gonekani labala, ikani thabwa la bowo lija pamwamba, mupanikize mozungulira ndi zopanira. Zopanira mapepala zikuluzikulu zakuda zija zimakwana. Musafinye mpaka guluu yense athawe, kungoti atulukire pang'ono m'mphepete monse. Mukaona mbali ina sanatulukire, pamenepo ndi pokayikitsa.

Pali mankhwala ena otchedwa Cotol-240 amene mukasakaniza ndi Aquasure amauma m'maola awiri. Inuyo musawagwiritse ntchito ulendo uno, akuthamangitsani. Guluu wotsala mutseke bwino mumuike mufiriza, apo ayi mudzapeza chubu chonse chauma. Podzamufunanso mudzamuviike m'madzi ofunda.

Nabanda_Leicester

Ine ndinatopa nazo zomatamatazi, suti yanga ndinaikitsa mphete zolimba zogwira malabala za kampani ya SI Tech pakhosi ndi m'mikono, malabala ake ndi a silicone. Akang'ambika ndimasintha pamalo oimika magalimoto m'mphindi zochepa, ulendo osalephereka. Silicone ndi wofewa pakhungu, dzuwa silimuwononga ngati latex, ndipo ndi amene amathandiza anthu osagwirizana ndi latex aja.

aPhiri_CapeTown

Zoona mayi, koma auzeninso mbali inayo. Silicone guluu samugwira, n'chifukwa chake pamafunika mphetezo, ndipo kuziika koyamba ndi ndalama. Akalowa kachikhadabo amang'ambika mosavuta kuposa latex, komanso amatola mchenga ndi tsitsi. Kwa odumphira pansi amene alipira boti kupita kutali, monga aja opita ku Scapa Flow kukaona zombo za Ajeremani zimene zinamizidwa mu 1919, n'zomveka kukhala ndi chosinthira m'thumba. Wa kayaki mkono ukuzungulira tsiku lonse, mphete yolimba pamapewa ndi pamkono imusowetsa mtendere.

Alinafe_Windermere

Ndipo pa suti yogula kwa mnzako, mphetezo zikhoza kudula kuposa sutiyo. Ena mwa makasitomala athu amakonda khosi la neoprene chifukwa silikanda ndipo limakhalitsa, koma limalowetsako timadzi ukagubuduka. Pa nyanja ya Windermere m'Julayi palibe vuto. Pa nyanja ya mchere ya ku Oban m'nyengo yozizira, ine latex.

Tisanaiwale, tikambeko chimene chimapha malabalawa, chifukwa mukapanda kusintha kasungidwe mudzabweranso ndi funso lomweli chaka chamawa. Ndipo apa ndikulankhula ndi ife tomwe. Khungu lathu kuno limatuwa ndi chisanu, ndiye m'mawa uliwonse Vaseline khosi lonse, manja onse, mafuta a tsitsi pamwamba. Mafuta ochokera ku petulo amadya latex. Mafuta oteteza kudzuwa ndi perefyumu nazonso zimamufewetsa. Kwanuko ku Oban kuyambira Juni mpaka Ogasiti kuli tizilombo toluma tija ta midge, aliyense amadzipopera mankhwala okhala ndi DEET m'khosi ndi m'manja, kenako n'kuvala suti. Labala sangapirire zimenezo.

Chisomo_Oban

Achemwali, Vaseline ndiye sindingasiye, ndingasanduke phulusa. Ndipange bwanji?

Alinafe_Windermere

Hahaha palibe wanena kuti musiye. Tsiku lopita kunyanja musadzole khosi ndi mikono, kapena musambe ndi sopo musanavale. Mudzole mukavula. Kuti labala aterere povala, muwazeni paudala wa talc wopanda fungo. Wa ana wonunkhira uja ayi, muli mafuta. Vulani wotchi, mphete ndi ndolo. Povala pakhosi lowetsani manja onse awiri, mutambasule ndi zikhatho osati nsonga za zala, ndiye mutu udutse. Ife a tsitsi loluka timayamba tavala kansalu koterera kumutu, zingwe za tsitsi ndi timikanda sizichedwa kuboola.

Mukabwerako tsukani ndi madzi opanda mchere, malabalawo ndi kasopo pang'ono kuti thukuta lichoke. Yanikani pamthunzi. Pakapita milungu ingapo pakaniko mankhwala oteteza labala otchedwa 303 Protectant.

aPhiri_CapeTown

Ndiwonjezere za posungira. Mdima, pozizira, pouma. Osati m'kabati ya boiler yotenthetsera madzi, osati m'galimoto, osati pafupi ndi makina okhala ndi mota ya magetsi, chifukwa mota imatulutsa mpweya wa ozoni umene umang'alula labala ngakhale suti isakuvalidwa. M'galaja momwe muli utsi wa galimoto ndi zigubu za petulo ndi moipa kuposa monse. Kopa (mkuwa) nayenso amadetsa ndi kuwononga latex, ndiye makobidi ndi zipi ya chitsulo zisagone pa labala popinda. Ndi chisamaliro chonsechi latex amathabe, zaka ziwiri, zitatu, mwamwayi kupitirirako. Ndi chinthu chosinthasintha, si kuti suti yatha.

Kondwani_NkhataBay

Za mota ndi petulozo zandigwira. Ife malamba a magalasi ndi zipsepse za kumapazi timasunga chipinda chimodzi ndi kompuresa ndi mafuta a injini ya boti, ndipo a labala wakuda aja sachedwa kuthetheka. Mawa ndikasamutsa. Mwaona, dry suit ndilibe koma ndapindula.

Chisomo_Oban

Ndabweranso. Zitsa zonse zitatu zinatulutsa fumbi louma, ndiye ndinapitiriza. Mikono ndinagwiritsa ntchito botolo la pulasitiki lodzaza madzi kuti lilimbe. Khosi ndinadula matabwa kuntchito. Zonse zauma, ndakoka mozungulira palibe potukuka. Kumkono wamanzere kuli kakhwinya kamodzi kakang'ono patsinde. Vuto ndi khosi: ndavala mphindi ziwiri zokha nkhope inayamba kulemera monga ananenera mayi Nabanda. Ndidule?

Alinafe_Windermere

Mwagwira ntchito achimwene. Kakhwinyako kayang'aneni bwino. Ngati kakudutsa kuchokera kunja mpaka m'kati ndi kanjira ka madzi, kadzazeni ndi kadontho ka guluu pogwiritsa ntchito kamtengo kotokosera m'mano. Ngati kathera panjira kasiyeni.

Khosi musathamangire sizasi. Livekeni kaye pa poto kapena chitini chokulirapo pang'ono kuposa khosi lanu, ligone usiku umodzi kapena awiri, muyesenso.

aPhiri_CapeTown

Za potozo ine sindizikhulupirira kwenikweni. Latex wabwino amabwerera mwakale, ndipo akapanda kubwerera ndiye kuti mwamutopetsa asanayambe ntchito. Ngati wathina mpaka nkhope kulemera, poto sathetsa. Ayang'ane labalayo, ambiri a pakhosi ali ndi timizere tozungulira cha kumwamba. Timeneto ndi totsogolera podula. Adule kamzere kamodzi kokha, avale, akhale nako mphindi khumi, ndiye aone ngati pakufunika kenanso. Chodulidwa sichibwerera, ndipo kamzere kamodzi kamasintha zambiri kuposa mmene maso akuonera.

Kadulidwe ndiye nkhani. M'mphepete mukatsala kamano ngakhale kamodzi, kung'ambika kudzayambira pomwepo. Sizasi ikhale yaikulu ndi yakuthwa, wina agwire labala motambasula pang'ono, inu mudule mikwingwirima italiitali osati kudukizadukiza. Ine ndimaveka labala pachitini, n'kuzungulira ndi lezala latsopano kamodzi kokha. Mukamaliza yendetsani chala m'mphepete monse mutatsinzina, chala chimaona zimene diso laphonya.

Alinafe_Windermere

Poto amathandiza pamene kuthinako n'kwapang'ono, malume, ndaona ndi maso. Koma pa Chisomo mwina mukunena zoona. Chenjezo limodzi: si labala aliyense amadulidwa. Wa m'mikono wooneka ngati khosi la botolo, woongoka kumapeto, ukadula sukulitsa bowo, umangochepetsa pogwira khungu. Wodulidwa ndi wosongoka uja. Werengani kapepala kamene kanabwera nawo.

Chisomo_Oban

Wa pakhosi ali ndi timizere. Ndadula kamodzi ndi lezala pachitini cha penti, tsopano ndikupuma bwino ndipo chala chimodzi chikulowa movutikira. Ndiyese bwanji ngati sikulowa madzi ndisanapite kutali?

aPhiri_CapeTown

Tsekani zipi mpaka kumapeto. Pakhosi ikani chitini chija, kumkono umodzi botolo, kwinako lowetsani paipi ya pampu mumange ndi lamba wa labala. Zathu zili ndi vavu pachifuwa yolowetsera mpweya, yanuyo ilibe, ndiye mpweya ulowere kumkonoko. Popani mpaka suti ifufume, osati kulimba. Thirani madzi a sopo pamizere yonse imene mwamata, kenako m'misoko, m'khwapa, pakati pa miyendo ndi m'masokosi. Pamene pakutuluka thovu lembanipo ndi choko.

Alinafe_Windermere

Pa nsalu ya Gore-Tex pali njira inanso. Tembenuzani suti, mupopere isopropyl alcohol mbali ya m'kati, timabowo timaoneka ngati timadontho takuda. Mukatha zonsezi valani malaya otuwa m'kati, mutulutse mpweya pokhala chonjuta mutatsegula pakhosi ndi chala, mulowe m'madzi ofika pachifuwa pafupi ndi gombe, mnzanu ali pomwepo, jekete yoyandamitsa mutavala. Gonani chagada, vinyulani mikono, tembenuzani mutu uku ndi uku. Mukavula, malaya otuwawo akuuzani pomwe panyowa.

Chisomo_Oban

Thovu silinatuluke paliponse kupatula kachidendene ka sokosi lamanzere, ndamatapo. Lero tinalowa m'madzi ndi mnzanga. Khosi louma, chifuwa chouma. Koma mikono yonse iwiri ya malaya yanyowa pang'ono cha m'munsi, kuyambira polekezera labala. Kodi guluu sanagwire?

Nabanda_Leicester

Kungani chibakera mupinde dzanja, muyang'ane mkono wanu mbali ya chikhatho. Mukuona mitsempha iwiri yatukuka, pakati pake pali kangalande? Anthu owonda kamakhala kakuya. Mukagwira nkhafi mwamphamvu kangalandeko kamatseguka pansi pa labala, madzi n'kuyenda. Poti zanyowa mbali zonse ziwiri mofanana ndipo sopo sanaonetse kanthu, ine ndikukayikira pamenepo, osati guluu.

aPhiri_CapeTown

Mayi alasa. Kokerani labalayo m'mwamba pang'ono, adutse kafupa ka pamkono akagone pamene pali mnofu, mitsempha siitukuka kwambiri kumeneko. Agone fulati, asapindike m'mphepete. Onaninso kuti mkono wa malaya am'kati sunalowe pansi pa labala, ngakhale ulusi umodzi umakoka madzi. Ndipo a m'mikonowo musawadule ngakhale akumveka othina, pokhapokha zala zikamachita dzanzi.

Chisomo_Oban

Kangalande kalipodi, kakuya ndithu. Ndiyesa kukokera m'mwamba Loweruka. Funso lina, zipi yayamba kulimba potseka, ndi ya pulasitiki yolembedwa TIZIP. Mnzanga akuti ndipake kandulo.

Alinafe_Windermere

Kandulo ndi phula ndi za zipi ya chitsulo, achimwene. Ya pulasitikiyo ili ndi girizi wake wa silicone wa m'kachubu kakang'ono, mumapaka kumapeto kumene kachitsulo kotsekera kamakafikira. Yambani mwaitsuka ndi mswachi wakale ndi madzi a sopo, nthawi zambiri cholimbitsa ndi mchenga ndi mchere. Potseka kokani molunjika mzere wa zipi, ndipo ikakana musalimbane nayo, bwererani m'mbuyo muone chimene chatsekereza. Posunga, ya pulasitiki ikhale yotseka, ya chitsulo yotsegula, ndipo zonse ziwiri musazipinde pakati. Tumizani chithunzi cha mano ake cha kumapetoko tione ngati palibe lothyoka, chifukwa ngati lilipo imeneyo si ntchito ya kunyumba.